SSD ya Alamu Inakwera Sitima ya ku Nayuchi

Apongozi anga aamuna anali ndi funso limodzi lomwe ankandifunsa nthawi iliyonse ndikapita kwawo ku Nayuchi. Tikapatsana moni, tikafunsana za ana ndi za mvula, iwo ankayang'ana zikhatho zanga kenako n'kunena mofatsa kuti, "Nanga bambo, munda wanu uli pati?" Ine ndinkayankha kuti ndimajambula maukwati ku Balaka. Ankagwedeza mutu ngati amva, koma ulendo wotsatira funso linali lomwelo. Sankanyoza ayi. Munthu wokulira pakhasu sankamvetsa kuti mwana wake ndi zidzukulu zake amadya chiyani kwa mwamuna wongoyenda ndi kachikwama paphewa. Komabe funsolo linkandibaya, ndipo ndinkabwerera pasitima nditatupa mpaka ku Liwonde.

Kujambulako ndinkakutha, asakunamizeni munthu. Chomwe chinkandichititsa manyazi ndi laputopu yanga. Ukaiyatsa m'mawa umatha kukasamba, kumwa tiyi, kukangana pang'ono ndi mayi a kunyumba, n'kuipeza ikadali kudziwongola. M'kati mwake munali hadi disiki yakale, yomwe inkalira kuti krrr, krrr, ngati chimbale chake chikupempha chikhululuko. Ndiye ganizirani kuti vidiyo ya ukwati wa kwathu kuno sidulidwa. Kwina amati amangosankha malo okoma. Kuno yesani mudzaone. Aliyense amene anaimirira pa perekaniperekani, n'kuvina, n'kuponya kangachepe m'beseni, ayenera kuoneka kuyambira pomwe ananyamuka pampando mpaka pomwe anakhalanso pansi. Mukamudula azakhali a mkwati, nkhani yake ifika kwa ankhoswe. Choncho ukwati umodzi umadzaza mamemori onse a kamera, ndipo laputopu yanga inkautafuna kwa masabata.

Anthu anafika pondipatsa dzina loti a Bwerani Mawa. Banja lina la kwa Nsamala linadzatenga vidiyo yawo mayi ali ndi pakati pooneka kale, ndipo bamboyo anandiuza kuti ndisavutike, aionera pamodzi ndi mwanayo. Ndinaseka nawo, koma atachoka ndinatsala pang'ono kuiponya kunja laputopuyo.

Amene anabwera ndi nkhani ya SSD ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga. Iwo ali ndi kashopu ku Liwonde komwe amathira nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu, ndipo Loweruka amakaimba nyimbo m'maukwati. Ine ndi iwo sitinagwirizanepo pa chilichonse, kaya ndi mpira, kaya ndi nsomba yokoma mu Shire. Tikakumana anthu amasendeza mipando kuti amvere. Koma tsiku limenelo ndinawamvetsera. Anati kwabwera kachipangizo kolowa m'malo mwa hadi disiki, kopanda chozungulira m'kati, kongokhala ngati memori yaikulu, ndipo laputopu yokalamba ikakalandira imabwerera ku unyamata.

"Alamu, inu mumakokomeza," ndinatero.

"Iyayi alamu, ndaziona ndi maso angawa. Tiyeni ku Limbe mukasiye kutchedwa a Bwerani Mawa. Dzinalo likutinyozetsa ife akuchikazi."

Tinapita. Mwini sitolo anatiyalira timabokosi pakauntala, ndipo mkangano unayambira pomwepo. Alamu anakopeka ndi kabokosi kena kokongola, kolembedwa manambala a liwiro akuluakulu kutsogolo. Mtengo wake unali woti munthu akhale kaye pansi, koma malo osungiramo zinthu anali ochepa. Ine maso anga anagwera pa ina yosatchuka, ya m'kapepala ka pulasitiki, yotsika mtengo kwambiri koma ya malo ochuluka kuposa ya alamu kutalitali. Ndinaona kuti apa nkhani ndi yosavuta. Ndani angagule thumba laling'ono pa mtengo wa thumba lalikulu? Mwini sitolo anayamba kufotokoza zina zake za kusiyana kwa ziwirizi, koma tonse awiri tinali titatseka kale makutu, aliyense akuyamikira chake.

M'minibasi yobwerera tinanyozana njira yonse. Iwo ankati ndagula bonya. Ine ndinkati iwo agula katoni, chipangizocho angopatsidwa ngati basela.

Tsiku lomwe ndinaiika m'laputopu sindidzaliiwala. Ndinadina batani, ndinatembenuka kuti ndiitanitse tiyi monga mwa chizolowezi, ndipo pobweza maso ndinapeza yayaka kale, ikundidikira ineyo. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso. Ndinaitana mkazi wanga kuti adzaone. Ndinaitananso aneba. Phokoso lija la krrr linali litatha, m'nyumba muli zii. Ndinasangalala ngati mwana wogulidwa nsapato, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinaipsompsona laputopuyo.

Koma funso loti wagula bwino ndani linali lisanayankhidwe, ndipo ife si anthu osiya nkhani m'malere. Tinapangana mpikisano pakhonde la shopu ya alamu. Tinaika malaputopu awiri pabenchi limodzi. Anyamata a kabaza anaimika njinga zawo, ndipo mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi pomwepo tinamusankha kuti akhale woweruza chifukwa sankadziwa chilichonse cha makompyuta, choncho sakanakondera. Iye anakweza chikombe chake chovuulira m'mwamba, n'kuchitsitsa, ife n'kudina. Zonse ziwiri zinayaka pamodzi. Tinabwereza, chimodzimodzi. Kenako tinathira nyimbo zofanana kuchokera pa fulashi. Mayi uja anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kugamula kuti palibe yatsogola.

Kwa ine kufanana kumeneko kunali kupambana. Ngati zithamanga mofanana, nanga ndalama zowonjezera zija alamu analipira za chiyani? Ndinavina pakhondepo, a kabaza akuimba mabelu a njinga. Ndinagulira aliyense chitumbuwa, ndipo alamu ndinawagulira ziwiri kuti apepese nazo mtima. Iwo anadya, anapukuta mafuta pamlomo, n'kunena kuti, "Kuthamanga si kufika, alamu." Ndinawayankha kuti miyambi ndi chakudya cha ogonja.

Nditabwerera ku Balaka ndinasamutsira maukwati onse akale pa SSD yangayo, poti malo analipo. Ndinaidzaza mpaka kutsala kampata kochepa, ndikunyadira kuti zonse zili pamodzi. Inali nyengo ya mvula, maukwati ali patalipatali, ndipo tintchito tomwe ndinkapeza tinali tating'ono, ta zithunzi za ziphaso ndi za ana a sukulu. Zonse zinkayenda ngati madzi.

Kenako unafika ukwati wa m'banja mwathu. Mng'ono wa mkazi wanga, mzime wa apongozi anga, yemwe tinkakhala naye ku Balaka kuyambira ali pasukulu, anapeza mwamuna wa kwa Nsamala. Zonse zinakonzedwa kuti zichitikire ku Balaka. Koma kutatsala masabata ochepa, apongozi aamuna anaterereka ndi njinga pobwera kumunda n'kuthyoka mwendo. Anawaika chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu. Zokwera sitima zinakanika. Mng'ono wawo ndiye anavomera kukaimirira m'malo mwawo kumzikiti, ndipo apongozi aakazi anabwera okha.

Mkazi wanga analankhula nawo bambo akewo pafoni, ndipo atamaliza ndinaona akupukuta m'maso. Anati bambo sanadandaule za mwendo ngakhale pang'ono, koma za mwana wawo wotsiriza kukwatiwa iwo ali chigonere pamphasa. Kenako anandiuza uthenga wanga. "Akuti ndikuuzeni kuti ngati ntchito yanu ija ndi yoona, auone ukwatiwu amayi akamabwerera. Akuti asamve za m'kamwa mwa anthu iwo asanaone okha."

Amayiwo ankabwerera ndi sitima ya m'mawa wotsatira ukwati. Sitima ya anthu yopita ku Nayuchi siyenda tsiku lililonse. Ikakusiya, wadikira sabata ina, ndipo nthawi ya mvula msewu wa kumeneko si woudalira. Zotumiza pafoni musazitchule n'komwe, vidiyo yotalika choncho ingathe chaka ili m'njira. Ndinaganiza za SSD yanga yatsopano, ndinadzigunda pachifuwa, n'kunena kuti, "Auzeni kuti Insha Allah auona." Mumtima ndinali nditachotsamo kale Insha Allah uja, ndikuona ngati ndi zotheka basi.

Ukwati wake unali ukwati. Ndajambula maukwati ambiri, koma umenewu ndinaujambula ngati ndabwereka maso a munthu wina. Paliponse ndinkadzifunsa kuti, akanakhala pano akanayang'ana kuti? Choncho sindinangotsata akwati okha. Ndinajambula alongo awo okalamba akulowa m'holo atagwirana manja. Ndinajambula miphika ya mpunga kuseri, kuti aone kuti anthu awo sanagone ndi njala. Ndinajambula akuchimuna mmodzimmodzi, kuti adziwe nkhope za anthu omwe mwana wawo akupitako. Alamu anali pa zoimbira, thukuta lili kamukamu, ndipo perekaniperekani anatalika mpaka miyendo yanga inachita dzanzi. Pakati pa zonsezo mkwatibwi ananditcha ndi dzanja, anayang'ana mu kamera, n'kulankhula ndi bambo ake m'Chiyao mawu ochepa, akumwetulira misozi ili m'masaya.

Titafika kunyumba madzulo tinapeza magetsi azima dera lonse. Sindinade nkhawa. Ndinauza alamu, omwe anagona kwathu ndi katundu wawo yense, kuti ntchito yomwe kale inkanditengera masabata mawa ithera pa kapu imodzi ya tiyi.

Magetsi anayaka kutacha. Ndinalowetsa memori yoyamba, ndipo kamzere kobiriwira kosonyeza kuti zinthu zikusamuka kanathamanga mokondweretsa. Ndinaitana alamu kuti adzaone bonya wawo uja. Anabwera ndi mswachi kukamwa. Ali chiimire pambuyo panga, kamzere kaja kanayamba kufooka. Kanayenda pang'ono, kanaima, kanasuntha ngati kakukokedwa ndi chingwe. Pansi pake laputopu inalemba nthawi yotsala, ndipo m'malo mochepa nthawiyo inkakwera. Mphindi zinasanduka maola. Imeneyo inali memori yoyamba, zina zili pamzere patebulo.

Zomwe mwini sitolo wa ku Limbe ankafuna kutiuza tsiku lija ndinazimvetsa m'mawa umenewo. SSD yotsika mtengo ngati yangayo ili ngati sitolo ya khonde lalikulu koma khomo lopapatiza. Katundu akakhala wochepa amangotulidwa pakhonde, wonyamula n'kumapita, aliyense n'kumati pano ntchito imathamanga. Koma ikafika lole yodzaza, khonde limadzaza, ndipo matumba amayamba kulowa limodzilimodzi. Ikakhalanso yodzaza kale m'kati, monga ndinaidzazira ine ndi maukwati akale, ndiye zimanyanya. Mpikisano wathu wa ku Liwonde unali wa tinyimbo tochepa. Lole inali isanabwerepo.

Alamu anachotsa mswachi kukamwa. Anayang'ana kamzere, anayang'ana ine. Kenako anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi n'kutsamira khoma, thovu la mankhwala otsukira mano likugwera pamalaya. Ine ndinapsa mtima kwambiri moti ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawatulutsa m'nyumba mwanga. Panja apongozi aakazi anali akumanga kale katundu wawo, ndipo ndinkamva mkazi wanga akuwauza kuti, "Akumaliza, amayi, akumaliza." M'maganizo ndinaona nkhope ya apongozi aamuna ali pamphasa, akufunsa akazi awo kuti, nanga zija? Ndinaona amayiwo akuyankha kuti, akuti mawa.

Atatha kuseka, alamu anadzuka. Anatenga laputopu yawo, anaitembenuza chagada patebulo, n'kuyamba kumasula timisomali ndi kasikuludiraiva. Anatulutsa SSD yawo yodula ija, anailowetsa m'kabokosi kokhala ndi chingwe, n'kuilumikiza ku laputopu yanga, poti yawo inalibe pulogalamu yolumikizira mavidiyo. Koma inali yodzaza ndi nyimbo ndi mafilimu a kushopu, malo a ukwati wonse munalibe.

"Fufutani zonse," anatero.

"Alamu, imeneyi ndi shopu yanu yonse."

"Zambiri zili pa hadi disiki yakale ija kunyumba, zina ndikapempha kwa anzanga. Nyimbo zilipo zambiri padziko, alamu. Bambo ndi amodzi. Fufutani, mukundichedwetsa."

Ndinafufuta. Tinayambiranso, ndipo ulendo uno kamzere kanayenda osapumira. Sikanathamange modabwitsa ayi, kanangogwira liwiro limodzi kuyambira memori yoyamba mpaka yomaliza. Alamu anakoka mpando, anakhala pambali panga, ndipo memori iliyonse ikatha ankatsokomola mwadala. Ndinawalola. Anali atagula ufulu wotsokomola.

Ndinalumikiza zidutswa zonse mwamsangamsanga, osadula munthu ngakhale mmodzi, n'kuiuza laputopu kuti iphike vidiyo yathunthu. Apa panalibenso chochita koma kudikira. Tili chidikirire, nthawi ya sitima inakwana. Mkazi wanga anaperekeza amayi ake kusiteshoni. Kamzere kanali katangodutsa pakati pomwe tinamva kulira kwa sitima, kenako foni yanga inaitana. "Yanyamuka," anatero mkazi wanga. Mawu ake anali otsika, osakwiya, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri.

Ndinagwira kumutu. Alamu ndiwo anadumpha. "Iyayi, sizinathe! Sitima imayamba yazungulira ku Nkaya, ndipo kumeneko imachedwa. Msewu wa ku Liwonde ndi wowongoka, tikaipeza kumeneko. Batire lili bwanji?"

Batire linali lodzaza. Ndinanyamula laputopu ili chitsegukire ngati mbale ya ndiwo zamsuzi, alamu atagwira kabokosi kaja kumbuyo kwanga kuti chingwe chisazuke, n'kumathamanga choncho mpaka pa siteji. Anthu ankatipatukira. Tinalowa m'minibasi, ine pakati, laputopu pamiyendo. Kondakitala ankafuna adikire anthu ena awiri atatu, koma alamu anafotokozera basi yonse nkhani yathu m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, mwendo wothyoka, mwana wamzime, sitima, zonse. Mayi wina wonenepa wa kumbuyo anakuwa kuti, "Adalaivala, tiyeni! Ukwati uli m'galimoto muno!" Basi yonse inavomereza, ndipo dalaivala analiza injini.

Ulendo umenewo ndimaukumbuka ndikafuna kuseka. Aliyense ankafuna kuona kamzere. A kumbuyo ankafunsa a kutsogolo kuti kafika pati, uthenga n'kumayenda mpando ndi mpando. Bambo wina wachikulire wa kofia yoyera, yemwe anakhala kumanja kwanga, analanda kabokosi kwa alamu n'kukafumbata ndi manja awiri, akuti achinyamata manja awo sakhazikika. Galimoto ikagwa m'dzenje onse ankati "Eee!" n'kuyang'ana pa laputopu. Ikanakhala hadi disiki yakale ija, ya chimbale chozungulira, bwenzi itafera pa dzenje loyamba. Koma umu munalibe chogwedezeka, ntchito inkangopitirira. Wina akaimitsa basi panjira, anthu ankamukokera m'kati asanamalize n'komwe kufunsa mtengo.

Kamzere kanafika kumapeto tikuyandikira mlatho wa Shire. Laputopu inalira kuti ting, ndipo m'basimo munabuka nthungululu ngati mkwatibwi walowa. Bambo wa kofia uja anati, "Alhamdulillah," n'kundibwezera kabokosi mosamala. Tili pamlatho, kondakitala analoza ndi dzanja. Sitima inali ikuwoloka mtsinje pa mlatho wake, pang'onopang'ono, mabogi ali ndondondo.

Panatsala chinthu chimodzi. Vidiyo inali pa SSD ya alamu, ndipo ndinayenera kuisamutsira pa fulashi yoti apongozi anyamule. Fulashi yangayo ndinkaidziwa ulesi wake. Nthawi imeneyo panalibe. Ndinayang'ana alamu, iwo anayang'ana kabokosi kawo.

"Apatseni chonsecho," anatero. "TV ya aneba awo ili ndi polowetsa. Koma alamu, chikasowa, mudzandigulira ndi katoni yake yomwe."

Tinatsika n'kudumphira pa kabaza aliyense yake. Wanga anali mnyamata wamiyendo yamphamvu. Wa alamu anali ndi katundu wolemera, chifukwa alamu anga si munthu wochepa thupi, ndipo anatsalira kumbuyo. Ndinafika pasiteshoni ndekha. Sitima inali itaima, anthu akukwezana matumba pamawindo, ogulitsa nsomba ndi nthochi akukuwa. Mkazi wanga anali atawaimbira kale amayi ake, ndipo ndinaona mpango wawo wobiriwira ukukupizidwa pawindo la bogi ina kutsogolo.

Apa ndinaima kaye. Chikwatirire, ine ndinali ndisanaperekepo chinthu m'manja mwa apongozi anga aakazi. Ndi mmene tinaleredwera. Ukafuna kuwapatsa kanthu umadzera mwa mkazi wako kapena mwa mwana, ndipo polankhula nawo umakhala chapatali, maso pansi. Ndinacheuka kufuna alamu, koma sankaoneka. Sitima inalira, mabogi anagundana. Ndinathamanga, ndinafika pansi pa windo, ndinayesa kugwada koma ndinaona kuti ndikagwada sindifikira. Choncho ndinaimirira pa zala, n'kukweza kabokosi ndi manja awiri, nkhope nditaitembenuzira kumbali ngati munthu woopa utsi. Apongozi anaphimba pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Analandira ndi manja awiri, anakakulunga pa nsonga ya chitenje n'kumanga mfundo.

"Mwaufikitsa, bambo," anatero. Amenewo anali mawu oyamba omwe anandilankhulapo mwachindunji popanda wodutsiramo.

Sitima itayamba kuyenda ndi pomwe alamu anatulukira, wefuwefu. Anathamanga pambali pa bogi akukuwa, "Amayi! Musachiike pamodzi ndi nsomba! Chisanyowe! Amayi, n'chodula chimenecho!" Amayi awo anangowakupizira mpango. Tinaima awirife kuyang'ana sitima ikupita ndi SSD yodula kuposa zonse zomwe tinaziona ku Limbe, ili pa mfundo ya chitenje pakati pa matumba a ufa ndi mitolo ya nzimbe. Kenako tinagwirana mapewa n'kuseka mpaka misozi.

Foni inalira tsiku lotsatira masana. Mkazi wanga anaikweza mawu kuti tonse timve, koma poyamba tinkangomva phokoso la anthu. Anali atawanyamula bambo pampando mpaka kwa aneba a TV ya sola, ndipo mudzi wonse unali pomwepo. Kenako anamveka iwo. Sanafunse za ana, sanafunse za mvula. Anayamba kutchula anthu. Awaona alongo awo, akalamba koma kuvina sanasiye. Aona mpunga, unali wokwanira. Akuchimuna akuoneka anthu aulemu, kupatula mmodzi wa jekete lofiira yemwe anaponya ndalama imodzi n'kuvina nyimbo yonse. Atafika pa mawu omwe mwana wawo anawalankhula mu kamera, foni anaipereka kwa akazi awo. Tinamva amayi akuti, "Akulira, koma n'zachimwemwe. Akuti tiibwezerenso pomwepo." Mkazi wanga analira, inenso ndinatuluka panja kukayang'ana nkhuku zomwe sizinkafuna kuyang'anidwa.

Popeza laputopu ya alamu inatsala yopanda kanthu m'mimba, ndinawabwereka yanga kuti shopu isatsekedwe. Patapita masiku anandiimbira, mawu ali ofewa mosazolowereka. Anati bonya uja pa ntchito yawo akukwanira bwinobwino. Iwo nyimbo amazithira kamodzi, kenako n'kumangogawira anthu pang'onopang'ono, ndipo pogawa SSD yanga sinkafooka. Chomwe iwo ankasowa masiku onse ndi malo, ndipo malowo anali pa yanga. Ine chomwe ndinkasowa ndi chipangizo chosatopa pa katundu wolemera, ndipo chinali pa yawo. Kunena mwachidule, ku Limbe kuja aliyense anagula cha mnzake. Tinagwirizana zosinthana, ndipo aka kanali koyamba ine ndi alamu kugwirizana pa chinthu. Mpaka lero munthu akandifunsa kuti SSD yabwino ndi iti, ndimayamba ndamufunsa kuti katundu wake amabwera pa njinga kapena pa lole. Za manambala a pakatoni ndimamuuza kuti aziwerenga akafuna kusangalala.

Vuto linali lakuti yodulayo sinkabwerera. Sabata inatha, ina inatha. Apongozi ankati anthu a kutsidya kwa njanji sanaonere, kenako a ku Mozambique omwe ndi abale awo sanaonere, kenako iwo eni akufuna aonenso pena pomwe sanaonetsetse. Pamapeto pake tinatenga laputopu ndi fulashi yoti tikawathirirepo ukwatiwo, ine ndi alamu n'kukwera sitima kukaombola katundu wathu.

Tinawapeza atakhala pakhonde, chikhakha atachotsa, ndodo ili pambali. Kabokosi kaja anakatulutsa m'thumba la mkanjo, atakakulunga m'kansalu koyera, ndipo anakapereka kwa mwana wawo, alamu anga aja, monyinyirika. Kenako anatembenukira kwa ine. Tinapatsana moni, tinafunsana za ana ndi za mvula. Anayang'ana zikhatho zanga monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinakonzeka kumva funso langa lija.

"Sikomo kwejinji, bambo," anathokoza m'Chiyao. Anasisita bondo la mwendo wothyoka uja. "Nanga kumunda kwanu kuja, chaka chino zikuyenda bwanji?"

Ndinayankha kuti zikuyenda bwino, maukwati ayambanso. Iwo anagwedeza mutu, n'kuitanitsa mpando wina kuti ndisendere pafupi.